Momwe mungasankhire pakati pa MUBAS ndi MUST ngati mtima uli pa uinjiniya

Mukakhoza bwino MSCE ndipo mukufuna uinjiniya, mayina awiri ndiwo adzachuluka pakamwa pa aphunzitsi ndi abale anu. Ina ndi yunivesite ya MUBAS (Malawi University of Business and Applied Sciences) ya ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, imene makolo athu amaitchulabe kuti Poly ngakhale inachoka pansi pa University of Malawi mu 2021, ndipo ina ndi yunivesite ya MUST (Malawi University of Science and Technology) ya ku Ndata m'boma la Thyolo, imene inayamba kuphunzitsa mu 2014.

Yambani ndi ntchito imene mukufuna kudzagwira, dzina la sukulu libwere pambuyo. Wofuna kumanga misewu ndi milatho ayang'ane ku MUBAS, pamene wofuna uinjiniya wa makemikolo ayang'ane ku MUST. Kenako ikani mapointi anu a Masamu, Physics ndi Chemistry pafupi ndi zimene kosi iliyonse ikufuna, chifukwa makirediti asanu ndi limodzi amangokulolani kupikisana nawo, ndipo opikisana ndi ambiri.

Pamene ine ndinapunthwa ndi pa fomu yofunsira malo ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo apa ndikupemphani kuti mudekhe. Makosi amalembedwa motsatana, ndipo imene mwaiika pamwamba ndiyo mwanena kuti mukuifunitsitsa. Ine ndinalibe kompyuta, choncho ndinapita pa malo ena a intaneti pa boma, ndi kupereka kapepala kanga kwa mnyamata wolembera anthu. Mzere unali wautali, iye anali pachangu, ndipo anaika pamwamba kosi imene ndinailemba kumapeto, ponena kuti imeneyo ndiyo anthu ambiri amalowera. Ndinalipira, ndinapinda pepala losindikizalo n'kuliika m'thumba la malaya osaliwerenga. Ndinalitambasula usiku kunyumba pa kuwala kwa tochi, ndipo mayi anga atandiona nkhope anangofunsa kuti, "Mwanawe, chalakwika n'chiyani?" Khalani pampando nokha, werengani mzere uliwonse mokweza, ndipo musalole munthu kutumiza fomuyo musanaone dzina la kosi ndi la sukulu. Olemberawa amalipiritsa mosiyanasiyana, ndipo mtengo umakwera tsiku lotsekera likayandikira, choncho pitani msanga. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi mnzake mkati amene angakupezereni malo ndi wakuba, musamupatse ngakhale tambala.

Ganiziraninso za pogona musanatsimikize. Ku Blantyre ophunzira ambiri amachita lendi ku Chitawira kapena ku Zingwangwa, ndipo minibasi ndi chakudya zimadya ndalama tsiku ndi tsiku, koma makampani ophunzirirako ntchito ali pafupi. Ku Ndata n'kwa phee, koyenera kuwerenga, ngakhale kuti zinthu zambiri muyenera kuzilondola ku Limbe. Musatumize ndalama ya chipinda chimene simunachione ndi maso.

Ngongole ya HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a ku yunivesite, ili ndi fomu yakeyake, ndipo muifunsire mayina a osankhidwa akangotuluka.