Momwe mungayesere makala a kamera ya vidiyo musanaigule

Kasikirini kakang'ono ka pambali pa kamera musamakakhulupirire kwambiri. Kamawala mokopa ndiye chilichonse chimaoneka bwino pamenepo, koma mukakaika vidiyo yomweyo pa TV ndi pamene mumaona kuti nkhope za anthu zatuwa. Ndiye popita kokagula tengani memori kadi yanu, pepala loyera, nsalu yofiira kwambiri, ndi mnzanu woti mumujambule. Wogulitsa akakana kuti muyese, musiyeni basi.

Poyamba lowani mu menyu muchotse zokometsera zija amalemba Vivid kapena Cinema, ikani pa Standard, white balance (yomwe imachititsa kuti zoyera zizioneka zoyera pa kuwala kulikonse) ikhale pa Auto.

Kenako jambulani pepala lija panja padzuwa, mulowe nalo mkati mukujambulabe osaimitsa. Kuwala kwa dzuwa masana kumakhala cha pa 5600K pomwe kwa babu lakale lija lofiirira ndi cha pa 2700K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), kamera imayenera kuzindikira kusinthako yokha kuti pepala likhalebe loyera. Likasanduka lachikasu kapena labuluu kwa kanthawi kochepa nkubwerera palibe vuto, koma likakakamira pomwepo muli ndi ntchito. Magetsi a machubu aja nawonso amakonda kubweretsa kobiriwira. Onani ngati mungathe kutchera white balance pamanja, ngati simungathe ine ndingaisiye.

Tsopano khungu, apa ndiye pofunika kudekha chifukwa diso la munthu limakhululuka udzu ukabiriwira mopitirira koma nkhope ikalakwika aliyense amaona. Mnzanu aime padzuwa, kenako pamthunzi, kenako atsamire khoma loyera. Pakhomapo ndi pamene makamera ambiri amagwa, amawerengera kuwala kwa khoma nkudetsa nkhope makamaka ya munthu wakuda mpaka kungotsala maso ndi mano, ena amawalitsa mphumi nkukhala chigamba choyera chopanda mtundu. Munthuyo aoneke momwe mukumuonera ndi maso anu, osati wotuwa, osati wofiirira ngati wadzola njerwa.

Nsalu yofiira ija aigwire akuigwedeza. Kufiira kukamatayikira m'mbali kapena makwinya ansalu osaoneka, kamerayo ikuvutika. Makamera ambiri amajambula pa 4:2:0, kutanthauza kuti pa mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) anayi alionse mtundu amausunga kamodzi kokha, a 4:2:2 amasunga kawiri.

Pezani pakona pamdima mujambule pang'ono. Mitundu imazilala, timadontho timayamba kuvina pachithunzi, ndipo apa kukula kwa sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) ndi komwe kumalamula, ya inchi 1 imaposa kutali ya 1/5.8 inchi ngakhale onse atalemba 4K kapena HD pabokosi.

Lozani kumwamba. Buluu akamaoneka mizeremizere mmalo mosalala ndiye kuchepa kwa masitepe amtundu, kamera ya 8-bit ili ndi masitepe 256 pomwe ya 10-bit ili ndi 1024. Kokani zumu mpaka kumapeto pa nthambi za mtengo, muone ngati m'mbali mwake mukutuluka mtundu wa pepo (purple) womwe pamtengopo palibe.

Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, tsekani lenzi mujambule mdimawo, kadontho kowala kosasuntha ndi pikiselo yoonongeka.

Zonsezi kazionereni pa kompyuta kapena TV kuchokera pa kadi penipeni, nsalu ija ili mmanja mukufananiza. Osatumiza pa WhatsApp ayi, imafinya vidiyo ndiye mudzaimba mlandu kamera yosalakwa.