Kuphunzitsa za mahomoni ndi sewero la "Odi!"

Ana anga a Fomu 3 ankangoloweza mawu oti receptor (kachigawo ka selo kolandira uthenga wa homoni) osamva kanthu, ndiye ndinayamba kuwaseweretsa.

Kalasi ikhale selo. Ana asanu aime panja, akhale shuga wa m'magazi. Wina akhale insulini wochokera ku kapamba, afike pakhomo n'kunena "Odi!" Asalowe ayi, apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Wapachitseko ndiye receptor. Iyeyo akamva odi auze anzake am'kati, iwowo ndiwo atsegule kuti shuga alowe.

Kenako wapachitseko agonthe makutu, insulini akuwe mpaka kusasa mawu. Shuga angounjikana pakhonde, matenda a shuga a mtundu wachiwiri amenewo.

Testosterone, homoni yachimuna, musamuimike pakhomo. Amasungunuka m'mafuta, choncho amadutsa khungu la selo, lomwe ndi la mafuta, n'kukapeza receptor wake m'kati.