Momwe mungamatire kachipangizo koyezera shuga pamkono

Ife odwala shuga timaudziwa ululu wobaya chala m'mawa ndi madzulo mpaka nsonga za zala kuuma. Ine ndinasamukira ku FreeStyle Libre ya kampani ya Abbott, kachipangizo kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamakhala pamkono masiku 14. Kali ndi kaulusi kolowa pansi pa khungu, ndipo kamayeza shuga m'madzi a pansi pa khungupo, osati m'magazi enieni. N'chifukwa chake nambala yake imatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo.

Malo ake ndi kumbuyo kwa mkono, chakumtunda, pamnofu. Apa ndiye mumvetsetse. Kanga koyamba kanagwa tsiku lachitatu, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ndinali nditasamba n'kudzola mafuta monga mwa nthawi zonse, kenako ndinangopukuta pang'ono ndi kathonje ka spiriti n'kumata khungu lisanaume. Madzulo ena ndikuvula malaya ndinangomva kakugwera pasimenti, guluu wake atanyowa ndi thukuta. Kakachoka sikabwereranso, ndalama zapita. Choncho sambani ndi sopo wamba, pamalopo musadzolepo kanthu, pukutani ndi spiriti ndipo dikirani mpaka paume gwa. Ngati pali cheya, metani. Mukamata, sisitani m'mphepete monse ndi chala kuti kagwire. M'nyengo yotentha ine ndimawonjezera pulasitala pamwamba.

Kumata kwenikweniko n'kosavuta. Lumikizani chomatira, chida chobwera m'bokosi momwemo, ndi paketi imene muli kachipangizoko kuti chikanyamule, kenako ikani chomatiracho pamkono, dinikizani mwamphamvu. Mumangomva kuti thi, basi.

Samalani kogula. Mtengo wake ndi wowawa, ndiye ogulitsa ena pa WhatsApp amatsitsa kuti akukopeni ndi katundu amene tsiku lake linadutsa, kapena amene wakhala m'galimoto yotentha. Onani tsiku pabokosi musanapereke ndalama. Mukatumitsa kwa achibale ku Johannesburg kapena ku London, afunseni kaye za LibreLink, pulogalamu ya pafoni yowerengera kachipangizoka, chifukwa ya dziko lina imatha kukana kachipangizo kogulidwa dziko lina.

Foni ikhale ya NFC, kutanthauza yotha kuwerenga kachipangizoko mukaigunditsa. Mukangomata, igunditseni pakachipangizoko kuti kayambe kugwira ntchito, dikirani ola limodzi kuti muyambe kuona nambala ya shuga. Musadutsitse maola 8 osagunditsa. Kusamba sambani, koma m'madzi kasapitirire mphindi 30. Makina obayira chala aja musataye: nambala ikasemphana ndi mmene mukumvera m'thupi, bayani chala mutsimikize.