Ululu wa mtsempha wa phazi ukapitirira pambuyo pa opaleshoni ya neuroma

Dokotala akachotsa chotupa cha mtsempha wothandiza kumva kukhudza ndi ululu, chotchedwa neuroma, chimene kawirikawiri chimamera pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi cha kuphazi, dzanzi pakati pa zalazo si lachilendo, koma kwa anthu ena nsonga ya mtsempha wodulidwawo imatupanso n'kumabaya ngati singano nthawi iliyonse munthu akaponda.

Kuti ululuwu uchepe, yambani ndi nsapato, zimene ziyenera kukhala zotakata kutsogolo, zachidendene chachifupi ndiponso zolimba pansi kuti phazi lisamapindike kwambiri poyenda. Kapilo kakang'ono ka mu nsapato kaikeni kumbuyo pang'ono kwa malo opondera a kutsogolo kwa phazi, pafupi ndi zala, osati pamalo opwetekawo, chifukwa mukakaika pamenepo ululu umangowonjezeka. Bala likapola bwinobwino, muzisisita chipsera kwa mphindi zingapo tsiku lililonse, poyamba ndi nsalu yofewa, kenako ndi thaulo, kuti khungu lizolowerenso kukhudzidwa.

Panado sathandiza kwenikweni pa ululu wa mtsempha, choncho funsani dokotala za amitriptyline kapena gabapentin, mankhwala amene mphamvu yake imamveka patapita masabata angapo, ndipo musawasiye mwadzidzidzi. Phazi likafiira, likatentha kapena likayamba kutuluka mafinya, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.