Mankhwala akale aja a m'kabati, Vicks, Vaseline, calamine ndi anzake, muziwagwiritsa ntchito chonchi

Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi kabokosi kapena kashelefu kokhala timabotolo timene tinayamba kale agogo athu asanabadwe. Ine ndimawakonda mankhwala amenewa ndipo ambiri amagwiradi ntchito, koma chimandidetsa nkhawa n'choti tinawazolowera kwambiri mpaka sitiwerenganso zolemba pa botolo, makamaka tikamapatsa ana.

Choyamba khuthulani zonse patebulo muone madeti. Chilichonse chomwe chinapitirira deti, chasintha mtundu, kapena pepala lake linamatuka moti simukudziwa kuti ndi chani, chichotseni basi osanyinyirika. Zotsalazo muzisunge pouma, posatentha, pamwamba poti mwana sangafikire, osati ku bafa chifukwa chinyontho chimaononga mapilitsi.

Tiyambe ndi Vaseline. Robert Chesebrough anaona anthu okumba mafuta ku Pennsylvania akudzola phula lina lomwe limamatirira pa makina awo akadzicheka, anakaliyenga, mu 1872 n'kulembetsa ngati lake. Ntchito yake ndi imodzi, kutseka khungu kuti madzi asathawe. Ndiye ming'alu ya ku zidendene, milomo yosweka, khungu lotuwa, dzolani mukangosamba khungu lidakali lonyowa pang'ono, ku mapazi muvale masokosi mugone nawo. Koma munthu akapsa ndi moto kapena madzi otentha chonde musathamangire Vaseline, kapena mankhwala otsukira mano ngati m'mene ena amachitira, zimenezo zimatsekera kutentha mkati. Ikani malo opsawo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati ayezi, kenako phimbani ndi kansalu koyera, ndipo ngati chilonda n'chachikulu kapena chili kumaso pitani kuchipatala.

Vicks ndiye amene anthu timamulakwira kwambiri. Anamupanga Lunsford Richardson ku Greensboro ku America, mkati mwake muli camphor, menthol ndi mafuta a bulugamu. Sapha kachilombo ka chimfine ayi, menthol uja amangopangitsa mphuno kumva ngati mpweya ukudutsa bwino, zomwe zimathandiza ndithu kuti ugone. Pakani pachifuwa ndi pakhosi kunja kokha. Osalowetsa m'mphuno, osadya, osaika pa bala, osamutenthetsa pamoto, ndipo mwana wosakwana zaka 2 musamupake n'komwe. Camphor akamezedwa ndi poizoni, mwana akhoza kuyamba kukomoka ndi kugwedezeka, ndiye kabotoloko kazikhala kotseka nthawi zonse.

Calamine uja wapinki ndi wa kuyabwa, katsabola, zidzolo za thukuta, kulumidwa ndi tizilombo. Khutchumulani botolo kaye chifukwa ufa wake umakhazikika pansi, nyowetsani thonje muzingodinda dinda osakhula, musiye aume yekha. Kutali ndi maso ndi mabala otseguka.

Za m'mimba tsopano. Milk of Magnesia amathandiza chilungulira mukamwa pang'ono, mukamwa wochulukirapo amatsegula m'mimba kwa amene akuvutika kuchita chimbudzi, ndiye muyezo wake tsatirani wa pa botolo ndi kakapu kake komwe, osangoti sipuni iliyonse yomwe mwaipeza. Odwala impso asamwe asanafunse dokotala. Chilungulira chikamabwerabwera masabata angapo imeneyo si nkhani ya kabatinso, kayezetseni.

Aspirin wakhala akugulitsidwa ndi Bayer kuyambira 1899 ndipo kwa akuluakulu amathandiza mutu ndi kuphwanya kwa thupi, koma mwana wosakwana zaka 16 musamupatse pokhapokha dokotala atanena. Mwana amene ali ndi fuluwenza kapena katsabola akamwa aspirin akhoza kudwala matenda a Reye omwe amaononga chiwindi ndi ubongo, sachitika kawirikawiri koma amapha. Amene ali ndi zilonda zam'mimba nawonso autalikire, ndipo osamwa m'mimba muli mopanda kanthu.

Apa mpamene ndimafuna makolo amve bwino. Gripe water anayamba ndi William Woodward ku England mu 1851 ndipo woyambirirayo munali mowa, n'chifukwa chake khanda limagona msanga. Masiku ano ambiri anachotsamo koma werenganibe, ndipo khanda losakwana mwezi musalipatse. Kunalinso wina wotchedwa Mrs Winslow's Soothing Syrup wa ana omera mano, munali morphine ndipo ana ena sanadzukenso, zinthu ngati zimenezi n'zomwe zinachititsa kuti America ikhazikitse lamulo mu 1906 lokakamiza opanga mankhwala kulemba pa botolo zinthu zoopsa zomwe aikamo. Ndiye botolo lopanda mndandanda wa zomwe zili mkati, kapena lolonjeza kuchiza matenda khumi nthawi imodzi, lisalowe m'nyumba mwanu ngakhale akulitama bwanji.

Pa mabala ang'onoang'ono madzi oyera ndi sopo n'zokwanira, tsukani bwinobwino mumate pulasitala. Dettol ngati mukumufuna musungunule ndi madzi monga alembera, wosasungunula amaotcha khungu. GV wa pepo uja ena anamusiya, ku Canada boma linachenjeza mu 2019 kuti akhoza kuonjezera chiopsezo cha khansa, ndipo mercurochrome wofiira uja muli mercury, chitsulo chomwe ndi poizoni m'thupi, ine sindimusunganso.

Paudala wa ana musamuwazire pafupi ndi nkhope, fumbi lake likalowa m'mapapo limavutitsa, thirani m'manja mwanu kaye muli chapatali. Ndipo khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi, kapena aliyense akamabanika popuma, akamasanza magazi kapena bala likatupa n'kuyamba mafinya, tsekani kabati muzipita kuchipatala nthawi yomweyo, mutenge ndi botolo la chomwe mwamupatsa kale kuti adokotala akaone.