Swift Sport mungaiponde moto mpaka pati osapha injini?

Eni ake a timagalimoto tothamanga amafunsa funso limodzimodzi: singano ya marevu (rpm, kuchuluka kwa kuzungulira kwa injini pa miniti imodzi) ikayandikira pofiira paja, kodi ndikupha injini? Yankho langa ndi lakuti ayi, bola injiniyo ikhale itatentha, oyilo ali wokwanira, ndipo dzanja lanu likudziwa pomwe pali giya iliyonse. Injini zomwe ndaziona zitanoka sizinafe chifukwa chofika pa marevu 6,500. Eni ake anaziponda zikadali zozizira, ena anayenda ndi oyilo wochepa, ena analowetsa giya yolakwika galimoto ili pa liwiro.

Ine ndimayendetsa Suzuki Swift Sport ya ZC31S, ya magiya apamanja, ndiye ndikamba za iyoyo makamaka. Inayamba kutuluka ku Japan mu 2005, ndipo injini yake ndi M16A ya 1,586 cc. Mphamvu yake yonse, 125 PS, imatuluka pa 6,800 rpm, pomwe mphamvu yokoka, 148 Nm, imafika pachimake pa 4,800. Pofiira payambira cha pa 7,000. Manambalawa muwaone bwino. A Suzuki anachita dala kuika mphamvu ya injiniyi kufupi ndi pofiira, ndipo analimbitsa masipuling'i a mavalavu kuti izipirira kumeneko. Munthu amene amasintha giya pa 2,500 tsiku lililonse sakuiwononga, koma galimoto yomwe anagula sanaimvebe.

Komabe marevu si masewera. Pa 6,000 rpm crankshaft, chitsulo chomwe mapisitoni amazunguza, imazungulira ka 100 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti pisitoni iliyonse imaima n'kubwerera ka 200 m'sekondi yomweyo. Ndiponso katundu amene zitsulozi zimasenza sakwera mofanana ndi singano. Marevu akawirikiza kawiri, mphamvu yokoka ndi kukankha mapisitoni imawirikiza kanayi. Chimene chimaletsa chitsulo kudya chinzake m'mabering'i ndi oyilo wopyapyala kuposa tsitsi. Nkhani yonse yagona pa oyiloyo.

Choncho tiyambe ndi m'mawa. Mukaliza galimoto musaisiye ikungolira pakhomo mphindi 20 poganiza kuti mukuichitira chifundo. Ikamalira pamalo amodzi imachedwa kutentha, ndipo mukungowotcha petulo wovuta kupezayu. Dikirani theka la miniti kuti oyilo akwere kufika pamwamba, kenako nyamukani ndi phazi lopepuka, osadutsa 3,000. Oyilo wozizira amakhala ngati uchi m'mawa wa mu June ku Dedza, amayenda ndithu koma mokakamira, pomwe injini yothamanga imafuna oyilo wofika paliponse msanga. Mapisitoni nawo amakhala asanafufume kufika pa msinkhu umene anawapangira.

Pano ndi pomwe ambiri amanamizidwa. Singano ya kutentha yomwe ili pa dashibodi imayeza madzi, osati oyilo. Madzi amatentha msanga, oyilo amatsalira m'mbuyo. Galimoto zina zilibe n'komwe singano, zili ndi kanyali kabuluu komwe kamazima madzi akangofunda. Singano ikafika pakati, onjezani mphindi zina 10 mukuyenda bwinobwino, ndipo mukatero mutha kuyamba kuikweza. Ngati mukuona ngati ndikuchulutsa mantha, onani zomwe a Toyota anachita pa RunX Z, ija ya injini ya 2ZZ-GE yomwe anapanga mothandizana ndi a Yamaha. Ku Joni injini yomweyi inali mu RunX RSi. Ya ku Japan imatulutsa 190 PS pa 7,600 rpm, ndipo singano ikadutsa 6,000 mavalavu amayamba kutseguka kwambiri, galimoto n'kusintha mawu. Koma kompyuta yake imakana kuchita zimenezi madzi asanafike madigiri 60. Anthu omwewo amene anakulolani kufika kufupi ndi 8,000 ndi amene akukuletsani injini ili yozizira.

Oyilo muziyang'ana nokha, musamadikire tsiku la sevisi. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, zimitsani, dikirani mphindi zingapo kuti oyilo atsikire pansi. Solorani dipisitiki, pukutani ndi kansalu koyera, bwezerani mpaka pansi penipeni, soloraninso. Oyilo akhale kufupi ndi chizindikiro chapamwamba, osachidutsa. Pa injini zambiri zazing'ono, kuchoka pa chizindikiro chapansi kufika chapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi, ndipo lita imodzi pa injini yaing'ono chonchi ndi yambiri. Injini ikamayenda pa marevu apamwamba imadyako oyilo ngakhale ilibe vuto. Tsono oyilo akachepa, inu n'kukhota mothamanga, wotsalayo amathawira mbali imodzi, pampu n'kukoka mpweya, mabering'i n'kuuma kwa kanthawi kochepa. Pa 6,500 kanthawi komweko n'kokwanira. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli paulendo, simupitiriza kuti mukaone kutsogolo. Imani pomwepo, zimitsani.

Za mtundu wa oyilo, injini zotere zimafuna wopepukirapo monga 5W-30 kapena 5W-40, malinga ndi zomwe buku lake likunena. Chizolowezi chothira 20W-50 mu galimoto iliyonse chifukwa kuno kumatentha sindigwirizana nacho, chifukwa oyilo yemweyo ndi amene amayendetsa VVT, kachipangizo kosintha nthawi yotsegukira mavalavu, ndipo tinjira ta oyilo ta mmenemo n'tating'ono. Gulani oyilo wosatsegulidwa pamalo odalirika, osati wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Ndi fumbi lathuli komanso maulendo afupiafupi a m'tauni, ine ndimasintha oyilo ndi fyuluta pa makilomita 5,000 aliwonse. Galimoto ikangofika kuchokera ku Japan sinthani musanaiponde, kaya oyiloyo akuoneka woyera chotani.

Nanga manambala ake? M'tauni, kusintha giya pakati pa 2,500 ndi 3,500 n'kokwanira. Pokwera mtunda kapena mutanyamula anthu anayi, isungeni pakati pa 3,500 ndi 4,800, ndi pomwe imakoka mosavutika. Popitirira lole pamsewu wa M1, tsitsani giya musanatuluke mu mzere wanu, singano ikhale cha pa 4,000, ndipo muiponde mpaka 6,500 kapena 6,800 osaopa. Kukhalitsa mbali ya anzanu chifukwa choopa marevu n'koopsa kwambiri kuposa marevuwo. Kumbukiraninso kuti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake pa mamita 1,000 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Lilongwe ndi Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, Dedza kuposa pamenepo. Galimoto yanu siidwala ikamafuna marevu ochulukirapo kuposa momwe imachitira ku Nsanje.

Kufika pofiira n'kusintha giya n'kosiyana ndi kukhala pofiira. Singano ikagunda malire, kompyuta imadula mafuta, galimoto n'kumachita ngati ikutsamwa. Kugundako kamodzi sikupha injini, ntchito ya rev limiter, malire a marevu omwe kompyuta imasunga, ndi yomweyo. Koma kuisiya ikudumphadumpha pamenepo kumangoonjezera kutentha popanda liwiro lililonse lowonjezera. Ndipo musaiwale kuti giya 2 pa 6,500 ndi liwiro loti m'tauni simungaimire mwana wothamangira mpira kapena wakabaza wokhota mwadzidzidzi. Zoterezi n'za pamsewu woonekera patali, wopanda anthu.

Chinthu chimodzi chomwe rev limiter singakutetezeni nacho ndi giya yolakwika, ndipo apa ndikufuna tichedwepo. Kompyuta imatha kudula mafuta, koma singaletse matayala kuzunguza injini. Tiyerekeze kuti muli pa giya 3, singano ili pa 6,500, mukufuna 4, koma dzanja lakankhira kumbali n'kulowa mu 2. Mukangotula kilatchi, matayala amakakamiza injini kuzungulira cha ku 9,000. Masipuling'i amalephera kubweza mavalavu pa nthawi yake, pisitoni n'kugunda valavu, n'kuipinda. Zonsezi zimatha sekondi isanakwane.

Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, ndiye giya timasintha ndi dzanja lamanzere, ndipo 1 ndi 2 zili kutali ndi thupi lanu, 5 ali kufupi. Ndodo ya giya ili ndi sipuling'i yomwe imaibwezera yokha pakati, pa mzere wa 3 ndi 4. Ikhulupirireni sipuling'iyo. Kuchoka mu 3 kupita mu 4, musaifumbate ndodo ngati mukulimbana nayo. Ikani zala kutsogolo kwa mutu wake, kokerani m'mbuyo molunjika, osakankhira kumbali. Kuchoka mu 5 kupita mu 4, itulutseni, ilekeni kanthawi kuti ibwerere yokha pakati, kenako kokerani m'mbuyo. Giya ikamakana kulowa, ikulankhula nanu: liwirolo silikugwirizana nayo, musaikakamize. Ndipo mukatsitsa giya muzitula kilatchi pang'onopang'ono khutu lili tcheru. Mukamva injini ikukwera mawu modabwitsa, pondaninso kilatchi nthawi yomweyo. Phazi lofulumira lapulumutsa injini zambiri. A magalimoto a otomatiki ndi CVT vutoli alibe, chifukwa kompyuta imakana giya yoopsa.

Pali kupha injini kwina komwe anthu amakutcha kusamala. Munthu ali pa giya 5, singano ili pa 1,500, akukwera mtunda, phazi lili pansi penipeni, galimoto ikunjenjemera. Akuti akupulumutsa petulo. Pamenepo pampu ikukankha oyilo wochepa pomwe mabering'i akumenyedwa mwamphamvu, ndipo petulo amatha kuphulika nthawi yake isanakwane. Mumamva kaphokoso ka ngwengwengwe kuchokera kutsogolo. Swift Sport imapanikiza mpweya kwambiri, 11.1 kwa 1, ndipo ku Japan anailembera petulo wa octane yapamwamba. Knock sensor imathandiza pochepetsako mphamvu ikamva kuphulikako, koma ili ndi malire. Mukamva kaphokosoko tsitsani giya. Ndipo nthawi yosowa mafuta, mukathira petulo wa m'zigubu yemwe simukudziwa chomwe anasakanizamo, yendani mofatsa mpaka atathe.

Ngati yanu ndi Swift Sport yatsopano ya ZC33S, ya 2017 kupita m'tsogolo, nkhani yasinthako. Imeneyo ili ndi injini ya 1.4 ya turbo, mphamvu yokoka 230 Nm imabwera pakati pa 2,500 ndi 3,500, ndipo 140 PS imakwana pa 5,500. Kupitirira apo n'kungopanga phokoso.  Injini za turbo zimadana kwambiri ndi kupondedwa mwamphamvu pa marevu otsika mu giya yapamwamba, ndipo zimafuna oyilo wolembedwa API SN Plus kapena SP, amene anapangidwira kuchepetsa vuto lomwelo. Mukathamanga, makilomita omaliza musanafike yendani mofatsa kuti turbo izizire oyilo akuyendabe.

Chizolowezi choponda moto kawiri katatu musanazimitse chisiyeni. Pa galimoto ya turbo n'choipa kwambiri, chifukwa turbo imazungulira kupitirira 100,000 rpm, ndipo mukazimitsa oyilo amaleka kuyenda iyo ikadali pa liwiro. Kuiliza mokweza itaima, kaya pa ukwati kaya kotsukitsa magalimoto, sikuyesa mphamvu ya injini. Palibe katundu yemwe ikukoka, mphepo siikudutsa mu ladiyeta, ndipo nthawi zambiri anthu amachita zimenezi injini ili yozizira.

Potsika mapiri, monga kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa kapena kutsetsereka ku Golomoti, musaike pa fili. Lowetsani 3, pena 2, singano ikhale pakati pa 3,000 ndi 4,500, injini igwire galimoto kuti mabuleki asapse. Phokosolo lisakuopseni, kompyuta imakhala itadula mafuta. Pokwera mapiri omwewo m'mwezi wa October, diso likhale pa singano ya madzi. Ikayamba kudutsa pakati, zimitsani AC, chepetsani moto, ndipo ikapitiriza kukwera imani musanapsereze gasiketi. Makaniko akakuuzani kuti achotse thermostat, kavalavu koletsa madzi kupita ku ladiyeta injini isanatenthe, chifukwa kuno n'kotentha, kanani. Popanda iyo injini imachedwa kutentha m'mawa uliwonse, ndipo vuto lenileni, kaya ndi ladiyeta yotsekeka, fani yakufa kapena pampu yamadzi yotha, limakhala likadalipo.

Pali zizindikiro zomwe zikaoneka marevu apamwamba ayenera kudikira kaye: kulira kwa tcheni ya m'injini m'mawa mukangoliza, utsi wabuluu mukaponda moto mutatsika mtunda, kudukiza singano ikadutsa 5,000, ndi kugogoda kolemera komwe kumatsatira marevu. Kudukiza nthawi zambiri ndi mapulagi, koyilo kapena fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, zinthu zotsika mtengo. Kugogodako ndi mabering'i, ndipo galimoto yotero ipite ku galaja pochita kukokedwa.