Mmene mungaphunzitsire nkhani ya munthu wofa ziwalo pa Marko 2

Ngati mwapemphedwa kutsogolera phunziro la Marko 2:1-12, kaya kumphakati kapena kumlaga, yambani ndi kuwerenga ndimeyi pamodzi ndi Mateyu 9:1-8 ndi Luka 5:17-26. Mudzaona kuti Marko yekha ndiye akutchula kuti onyamula wodwalayo ku Kapernao anali anayi, pamene Mateyu sakunenapo chilichonse za kusasula denga. Zimenezi zitchuleni mwachidule, pakuti mutu wa nkhani suli padenga.

Khalitsani pa vesi 5 mpaka 7. Wodwalayo anabweretsedwa kuti achiritsidwe, koma Yesu anayamba wamuuza kuti machimo ake akhululukidwa, ndipo alembi anafunsa mumtima mwawo kuti ndani angakhululukire machimo kupatula Mulungu yekha. Alaliki ambiri amafulumira kuwanyoza alembiwa, koma inu musatero, chifukwa pa chiphunzitso sanalakwe. Werengetsani Eksodo 34:6-7 ndi Yesaya 43:25, pamene Mulungu akunena kuti amafafaniza zolakwa ndi iye mwini, kenaka Levitiko 24:16, pamene chilango cha wochitira mwano dzina la Yehova ndi kuponyedwa miyala. Ophunzira akamva mavesi amenewa adzazindikira kulemera kwa mlandu umene alembi ankaganizira Yesu.

Kenaka yerekezani mawu a Yesu ndi a mneneri Natani pa 2 Samueli 12:13. Natani anangolengeza kwa Davide kuti Yehova wachotsa tchimo lake, pamene Yesu pa vesi 10 akuti Mwana wa Munthu ali ndi ulamuliro wokhululukira machimo pa dziko lapansi, ndipo dzina limeneli likukumbutsa Danieli 7:13-14, pamene wina wonga mwana wa munthu akupatsidwa ulamuliro wosatha. Funso la Yesu pa vesi 9, lakuti chapafupi n'chiti pakati pa kunena kuti machimo akhululukidwa ndi kuuza wodwalayo kuti adzuke ayende, lisiyireni ophunzira alimbane nalo kanthawi. Kunena kuti machimo akhululukidwa n'kosavuta pakamwa popeza palibe amene angatsimikize ndi maso, koma kuuza wofa ziwalo kuti adzuke kumaonetsa pomwepo ngati wolankhulayo ndi wabodza. Choncho kuchiritsako kunali umboni wa ulamuliro umene maso sakanauona.

Pofotokoza za kusakhulupirira, siyanitsani mitundu iwiri. Bambo wa pa Marko 9:24 anavomereza kufooka kwa chikhulupiriro chake napempha thandizo, ndipo mwana wake anachiritsidwa. Alembi ochokera ku Yerusalemu pa Marko 3:22 anaona ntchito za Yesu koma anati mphamvuyo ndi ya Belezebule, mkulu wa ziwanda, ndipo chenjezo loopsa la tchimo losakhululukidwa, lochitira mwano Mzimu Woyera, linaperekedwa kwa iwowa. Nenani zimenezi momveka, pakuti m'gulu simulephera kukhala wina wokayika amene amaopa kuti anachita kale tchimolo. Musaphunzitsenso kuti matenda onse amabwera chifukwa cha tchimo, popeza Yohane 9:3 akukana ganizo limeneli.

Konzekeraninso funso la Yohane 20:23, pamene Yesu akuuza ophunzira ake za kukhululukira machimo. Mpingo wa Katolika, pa Msonkhano wa ku Trent mu 1551, unatsimikiza kuti vesili ndi maziko a sakramenti la kulapa, pamene mipingo yambiri ya Chiprotestanti imalimva ngati ulamuliro wolalikira chikhululukiro kudzera mu Uthenga Wabwino. Ngati gulu lanu ndi la mipingo yosiyana, fotokozani mbali zonse ziwiri mwaulemu, kenaka bwererani ku Marko 2:10.